Nicodemus, Kansas

Nicodemus ndi mudzi wa alimi m'boma la Graham, kumpoto chakumadzulo kwa Kansas ku America. Unakhazikitsidwa mu 1877 ndi anthu akuda ochokera ku Kentucky, ambiri mwa iwo akapolo omasulidwa. Mitengo yomangira inkasowa, choncho oyambawo anakumba nyumba zawo m'nthaka, moti mlendo ankangoona utsi ukufuka pansi.

Mudziwu unatukuka ndi ulimi wa chimanga ndi tirigu, koma njanji ndiyo inaufooketsa kwambiri: mu 1888 inadzera kutsidya kwa mtsinje wa Solomon, amalonda n'kusamukira ku Bogue. Chilala cha m'ma 1930 chinathamangitsanso mabanja ambiri. Mu 1996 mudziwu unaikidwa m'gulu la malo otetezedwa a mbiri ya dzikolo, ndipo zidzukulu za oyambawo zimasonkhanabe kumeneko chaka ndi chaka.