Nthomba ndi Mabanja a Machona

Munthu akaima lero pa citunda ca Capital Hill mu Lilongwe, aona nyumba zazikulu za Boma, ndipo mwa izo muli Unduna wa Zaumoyo. M'caka ca 1965 pamalo amenewo panali thengo ndi minda. Lilongwe anali tauni yaing'ono ya m'mbali mwa mtsinje, kumene tsopano anthu amati Old Town. Masiku amenewo nthenda ya nthomba inali isanathe m'dziko muno, ndipo anthu ambiri a m'midzi yozungulira anali kunja, kofuna nchito.

Opita ku migodi ya ku Johannesburg anali kulembedwa ndi Wenela, ndipo anali kupita okha, akazi natsala. Koma ku Southern Rhodesia, kumene anthu anali kunena kuti ku Halale, ena anali kutenga akazi ndi ana. Njira inali yodzera ku Tete, kuoloka Zambezi, ndi kukafika ku Mtoko. Analowa nchito m'minda ya fodya, m'migodi, ndi m'nyumba za Azungu mu Salisbury, mzinda umene lero uli Harare. Amene anakhalitsa osabwerera anapatsidwa dzina lakuti machona.

Nthomba inali nthenda yocenjera. Ikalowa m'thupi inali kubisala masiku monga 12, mwini wace osamva kanthu. Ulendo wa pa galimoto wocokera ku Halale sunali kufika masiku otere. Cotero munthu anali kunyamuka ali bwino, nafika kwao, nalonjerana ndi abale ace. Pambuyo pace mutu ndi msana zinayamba kuwawa, thupi linatentha, ndipo matuza anabuka kumaso, m'manja ndi kumapazi. Pa nthomba yaikulu, mwa odwala 10 atatu anali kufa. Opulumuka anatsala ndi zipsera kumaso, ndipo ena anacita khungu. Kumwera kunali mtundu wina wofatsa, wosapha ambiri. Koma kufatsa kwaceko kunali ndi bvuto lace, pakuti wodwala anali kuyenda nayo, osagona pamphasa.

Makolo akale sanali kungoyang'ana. Wodwala anali kummangira msasa kunja kwa mudzi. Ena anali kutenga mafinya a wodwala ndi kuwapaka pa mphini ya munthu wamoyo. Ambiri otemeredwa motero anadwala pang'ono nacira, koma ena anafa, ndipo onsewo anali okhoza kupatsira anzao. Katemera wa kucipatala, amene Edward Jenner anamuyamba ku England m'caka ca 1796, anali wosiyana: wotemeredwa sanali kufalitsa nthomba.

Banja lokhala kunja linalibe mpata wokana katemera ameneyu. Pa zipata za m'malire ndi polembedwa nchito, munthu anali kuuzidwa kuti apinde malaya, aonetse mkono. Wopanda cipsera anali kumtemera. M'komboni mukamveka nthomba, anthu anali kufola, ndi makanda omwe. Mai anali kuona mkono wa mwana wace ulikutupa, thuza nilituluka, nkhanambo niuma, kufikira inagwa yokha patapita masabata atatu. Oyenda maulendo a kutali anali kunyamula kabuku kacikasu kocitira umboni, ndipo mphamvu yace inali ya zaka zitatu. Zikatha, kutemeranso.

Kumudzi zinali zina. Otemera akamveka kuti ali pafupi, amai ena anali kubisa ana m'nkhokwe kapena kumunda. Anthuwo sanali opusa ai. Katemera wakale anali wamadzi, ndipo anali kutha mphamvu ndi dzuwa la m'njira asanafike kumudzi. Anthu anaona ndi maso ao munthu wotemeredwa alikudwala nthomba, ndipo anafunsa kuti phindu lace nciani. M'caka ca 1960 panaonjezeka cifukwa cina. Zipatala zinali m'manja mwa Boma la Citaganya, limene anthu analikana, ndipo ambiri anakana ndi katemera yemwe. Tsono mchona akabwera kudzaceza, ana ace anali ndi zipsera pamkono, pamene ana a mlongo wace analibe. Anali kudya m'mbale imodzi ndi kugona pamphasa imodzi, koma nthomba ikalowa m'mudzi inali kudumpha ena ndi kugwira ena.

M'caka ca 1967 bungwe la World Health Organization linayamba nkhondo yaikulu yothetsa nthomba. Caka cimeneco anthu odwala pa dziko lonse lapansi anali pakati pa mamiliyoni 10 ndi 15. Mtsogoleri wa nchitoyo, Dr D. A. Henderson wa ku America, anasamukira ku Geneva ndi banja lace, nakhala kumeneko zaka zoposa 10. Nayenso anali mchona wa mtundu wace.

Zida zinasintha. Katemera anakhala wouma ngati ufa, wopirira kutentha mwezi wathunthu. Panabwera singano ya mphanda, imene inali kutapa kadontho kamodzi pakati pa mano ace awiri. Wotemera anali kubaya nayo kakhumi ndi kasanu pamalo amodzi, ndipo botolo limodzi linakwanira anthu ocuruka kanayi kuposa kale. Nzeru inanso inacokera kum'mawa kwa Nigeria, kumene Dr William Foege anali kukhala m'mudzi ndi mkazi wace ndi mwana. Katemera atamcepera m'caka ca 1966, iye anafunafuna midzi imene munali odwala, natemera anthu owazungulira, monga umo alimi alambulira mseu kuti moto wolusa usafike pankhokwe. Nthomba ikhala mwa anthu okha, si mwa nyama ai, ndipo ikasowa munthu woti ilumphire imatha.

Ku Mozambique inaleka kufala m'caka ca 1969, ku Rhodesia m'caka ca 1970, ndipo m'Malawi odwala otsiriza anaoneka m'caka ca 1971. Koma mantha sanathe, pakuti caka comweco inabuka ku Botswana, nikhala kufikira 1973. Ndege za Wenela zonyamula Amalawi zinali kutera ku Francistown, m'dziko lomwelo.

Pamenepo nkuti mzinda watsopano ulikumangidwa. Mu April 1974 ndege ina inagwa ku Francistown, nipha Amalawi 74, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi. Amuna zikwi zambiri anabwerera. Ku Rhodesia nkhondo inakula, ndipo mabanja ena anamanga katundu. M'caka ca 1975 likulu la dziko linacoka ku Zomba kudza ku Lilongwe. Anthu a mumzindawo, amene anali monga 19,000 m'caka ca 1966, anafika pafupi 99,000 m'caka ca 1977. Ciunjikano cotere ca alendo ocokera mbali zonse ndico cimene nthomba inali kukonda kale. Ulendo uno sinaoneke.

Kunena cabe kuti yatha sikunakwanire. Anchito a zaumoyo anayenda m'masukulu napenya nkhope za ana, kufuna zipsera zatsopano, ndipo odwala katsabola anawayesa bwino, popeza matuza ace afanana ndi a nthomba. M'caka ca 1978 akatswiri ocokera maiko ena anabvomereza kuti Malawi, Mozambique, Tanzania ndi Zambia alibenso nthomba. Munthu wotsiriza kuitenga m'njira ya masiku onse anali wophika wa pacipatala ca ku Merca, ku Somalia, mu October 1977, ndipo anacira. Pa 8 May 1980 msonkhano wa ku Geneva unalengeza kuti nthomba yatha pa dziko lonse.

Katemera wa nthomba analeka, ndipo pa zipata za m'malire analeka kufunsa umboni wace. Cipsera cimene ana obadwa pambuyo pace ali naco pamkono ndi ca katemera wa cifuwa cacikulu. Ca nthomba cipezeka pa mikono ya acikulire, ndipo ena mwa iwo anacilandirira ku Mtoko, ali pamsana pa amai ao.