CHITIPA UNITED: TIMU IMENE ANAIWERENGERA KALE KUTI IGWA

Abale, sabata ino tiyeni tikwere kumpoto kwenikweni, kumene Malawi amagundana ndi Tanzania komanso Zambia. Kumeneko kuli boma la Chitipa, lomwe nthawi ya atsamunda linkatchedwa Fort Hill. Ndi kwawo kwa Alambya, Asukwa, Andali ndi mitundu ina, ndipo khofi wa ku Misuku uja amachokera komweko. Nkhani yathu ndi ya timu yawo ya mpira, Chitipa United.

Mwina inunso munalipo pa gulu la anthu amene kumayambiriro kwa ligi ya 2023 ankatchula Chitipa pa matimu atatu oyenera kutuluka. Musachite manyazi, mbiri inkakuikirani kumbuyo.

Timuyi inalowa mu TNM Super League mu 2017 itapambana ligi ya chigawo cha kumpoto. Sinakhalitse. Chaka chomwecho, pamene Be Forward Wanderers inkanyamula chikho, Chitipa inatsika pamodzi ndi Blantyre United ndi Premier Bet Wizards. Inabwereranso mu 2019 ndipo ulendo umenewu inapulumuka, koma ligi ya 2020/21, ija inasokonekera ndi Covid-19, inaigwetsanso. Inatsika limodzi ndi Ntopwa komanso Mzuzu Warriors, timu imene kale inali Mzuni FC ya sukulu ya ukachenjede ya Mzuzu. Kulowa kawiri, kutuluka kawiri. Ndiye itabwera kachitatu mu 2023, ndani akanaipatsa mpata?

Komatu musanaiseke, taganizirani zimene inkasenza. Matimu monga Silver Strikers ali ndi banki kumbuyo kwawo. Moyale, Kamuzu Barracks ndi Mafco ndi za asilikali, Blue Eagles ndi ya apolisi, ndipo osewera ambiri kumeneko amakhala ali pa ntchito yolandira malipiro mwezi ndi mwezi. Chitipa njosiyana. Ndi timu ya anthu wamba, yodalira akufuna kwabwino ndi ndalama za pageti.

Nanga pageti pomwepo panali kuti? Bwalo la kwawo silinali lovomerezeka kuchitikirapo masewero a ligi yaikulu, choncho masewero otchedwa a pakhomo ankakaseweredwa pa Karonga Stadium, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kutsika mapiri. Wochemerera wa pa boma amayenera kupeza ya minibasi kuti akaone timu yake ikusewera "kwawo". Tsono ikakhala sabata yokasewera ku Blantyre, ulendo wake ndi wodula dziko lonse kutalika kwake. Anyamata amafika miyendo itatupa kale ndi basi, mpira usanayambe n'komwe.

Koma 2023 inasintha nyimbo. Motsogozedwa ndi mphunzitsi McNebert Kazuwa, Chitipa inayamba kudya mapointi amene anthu ankati ndi a eni ake. Matimu a mayina akamapita ku Karonga anasiya kuwerengeratu mapointi atatu ali m'basi. Amene ankati ndi moto wa mapesi, uzima posachedwa, anadikira mpaka ligi kutha. Pomaliza FCB Nyasa Big Bullets inatenga chikho, Silver Strikers ndi Wanderers zinatsatira, ndipo pa nambala 4 panali Chitipa United, pamwamba pa matimu onse a asilikali ndi apolisi aja.

Tinalakwitsa pati? Ife olosera timawerenga mayina. Tikaona timu ilibe wosewera wa Flames, ilibe kampani yaikulu pa malaya, timati basi yapita. Chimene sitiwerenga ndi chimene timu imaphunzira ikagwa. Amene anatsika mu 2017 ndi mu 2021 anabwera akudziwa kuti ligi ya matimu 16 ndi mpikisano wautali, kuti pointi imodzi yotola koyenda imawerengedwa mu Disembala, kuti pakhomo, ngakhale pobwereka, sipotayira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Chitipa inadekha zaka zisanu ndi chimodzi.

Palinso mbali yowawa, tisabisane. Timu yaing'ono ikachita bwino imakhala yadziika pa msika. A ndalama amabwera kudzatola osewera amene awala, ndipo ligi yotsatira imayamba ndi nkhope zatsopano, olosera n'kuyambanso nyimbo yawo ija. Umu ndi momwe matimu a m'maboma amakhalira: chaka chilichonse ali pa kusintha, chaka chilichonse akumanga pomwe ena aphwasula. Mnyamata wa ku Nthalire kapena Kameme amene akufuna kuonedwa ndi dziko, khomo lake ndi timu ngati imeneyi. Ikagwa, khomolo latsekeka.

Choncho ligi ikamadzayambanso, anzanu pa bawo kapena pa wailesi akamatchula msangamsanga matimu otuluka, inu mudzawafunse kuti mu 2023 Chitipa anaiyika pa nambala chani.