Giya ndi chiyani kwenikweni?

Mawu akuti giya tinabwereka ku Chingerezi, kwa “gear”. Kuno ku Mecanhelas ena amati “mudança”, kutsata Chipwitikizi. Vuto n'lakuti ambiri akamva giya amaganiza za kandodo kamene dalaivala amakankha, kapena amayesa kuti giya ndiye liwiro. Ayi ndithu. Giya ndi gudumu la mano lomwe limaluma linzake, kapena tcheni, n'kulizunguza. Lokha silibala mphamvu. Limangosinthanitsa liwiro ndi mphamvu yokokera.

Taonani wogula nsomba pa nyanja ya Chiuta, dengu lodzaza lili pakaliyala, akulowera ku Entre Lagos. Akafika pamchenga, ngati njinga yake ili ndi magiya, amatsitsira tcheni pa giya yaikulu yakumbuyo. Miyendo imapalasa msangamsanga, njinga n'kumayenda ngati nkhono, koma simatitimira.

Anzathu a ku Ulaya amene amalumikiza tisitima tamalasha toseweretsa amadziwa zomwezi. Kamota ka magetsi okwana mavolti 12 kamazungulira mothamanga kwambiri, ndiye amakasinthira magiya kuti kasitimako kanyamuke mwaulemu ngati sitima yeniyeni, osati kudumpha ngati chiwala. Mwana amene wamangirira mota ya wailesi yakale ya kaseti pa galimoto yake yamawaya, matayala n'kumakana kuzungulira pansi, chamusowa n'chomwechi, ngakhale iye amakalipira mabatire.

Nazo sitima zonyamula malasha a ku Moatize kupita ku Nacala, zija zimadutsa pa Nayuchi, mamota ake amazunguza mawilo kudzera pa magiya.