Gansey: Juzi ya Asodzi Yolukidwa Pakhomo

Gansey ndi juzi yolukidwa pamanja imene asodzi a m'mphepete mwa nyanja ku Britain, Ireland ndi Netherlands ankavala kuyambira m'zaka za m'ma 1800 kufikira chapakati pa zaka za m'ma 1900. Ambiri amakhulupirira kuti dzinali linachokera ku Guernsey, chilumba cha pakati pa England ndi France chomwe chinatchuka kalekale ndi malonda a zolukaluka. Juziyi inkakhala yogwira thupi, yabuluu woderako, ndipo inalibe msoko ndi umodzi womwe. Woiluka nthawi zambiri sankakhala wakutali. Anali mkazi wa msodziyo, mayi ake, mlongo wake kapena mtsikana amene akuyembekeza kumanga naye banja, munthu wodziwa kutalika kwa mikono yake, ntchito imene amagwira ndiponso malo amene zovala zake zimayambira kutha. Pafupifupi chilichonse cha pa gansey chinachokera pa kudziwana kumeneku.

Luso loluka ndi masingano ndi lakale kuposa gansey. Masokosi akale kwambiri olukidwa motere anapezeka ku Egypt, ndi athonje, ndipo ndi a pakati pa chaka cha 1000 ndi 1300. Ku England kuluka kunakula mpaka mu 1571 boma linaika lamulo loti anthu wamba azivala zipewa zaubweya zolukidwa m'dzikomo pa tsiku Lamulungu, pofuna kuteteza ntchito ya oluka zipewa. Mu 1589 William Lee wa ku Calverton, kufupi ndi Nottingham, anapanga makina olukira masokosi. Komabe m'midzi ya asodzi masingano sanagone, chifukwa makina a nthawiyo sankatha kuluka chovala chothithikana, chopanda msoko, chomuyeza munthu mmodzi.

Kalukidwe kake

Ulusi wa gansey unali wa ubweya wa nkhosa, tizingwe tisanu topotedwa pamodzi zolimba, moti unkakhala wosalala ndi wolimba m'manja. Masingano anali achitsulo, osongoka mbali zonse ziwiri, anayi kapena asanu, onenepa pafupifupi mamilimita 2 okha. Pa inchi imodzi pankalowa masitichi 8 kapena kuposerapo, kutanthauza kuti mzere umodzi wozungulira thupi la munthu wamkulu unkakhala ndi masitichi oposa 300. Amayi a ku Sheringham, m'chigawo cha Norfolk, anatchuka chifukwa chogwiritsa ntchito ulusi ndi masingano zopyapyala kuposa pamenepa. Kuthithikana kotereku ndiko kunkatchinga mphepo ndi madzi othovoka m'bwato, ndipo ubweya uli ndi ubwino woti umafundabe ngakhale utanyowako.

Woluka ankayambira m'chiuno n'kumazungulira chokwera. M'nthiti monse muwiri ankasiya mzere wa sitichi yotchedwa purl woyenda kuchokera pansi mpaka m'khwapa. Mzerewu umaoneka ngati msoko koma si msoko, unkangomuthandiza kudziwa pamene pathera kutsogolo ndi pamene payambira kumbuyo. Akayandikira m'khwapa ankayamba kuwonjezera masitichi pang'onopang'ono mpaka kupanga kachigamba kooneka ngati dayamondi, theka lake pathupi, theka lina pamkono. Kachigamba kameneka kamaoneka konyozeka, koma ndi pomwe panagona nzeru zambiri: msodzi akatukula manja kukoka ukonde kapena chingwe, juzi sinkang'ambika m'khwapa ndiponso sinkakwera n'kusiya msana pamtunda.

Kuchokera pamenepo thupi linkagawidwa pawiri, kutsogolo ndi kumbuyo, kenako n'kulumikizidwa m'mapewa ndi masingano omwewo. Mikono sinkalukidwa payokha kuti isokeredwe pambuyo pake. Woluka ankatola masitichi m'mphepete mwa bowo la mkono n'kuluka chotsika, kuchokera paphewa mpaka kumapeto. Chifukwa chake n'chakuti juzi ya msodzi imayambira kutha pachigongono ndi kunsonga kwa mkono. Pakabooka, mayi ankadula malo othawo, kumasula mizere ingapo, kubwezera masitichi pamasingano ndi kulukanso ndi ulusi watsopano. Magansey ambiri akale osungidwa m'nyumba za mbiri yakale amaonetsa zimenezi poyera: thupi n'lofwifwa, pomwe kunsi kwa mikono n'kwabuluu wina wowalirapo. Aliyense amene anaonapo mayi akumasula juzi yakale ya pa kaunjika kuti apeze ulusi wolukira khanda kachipewa ka mu June sangadabwe ndi maganizo otere.

Mikonoyo inkafupikitsidwa dala kuti isafike padzanja penipeni, poopa kukodwa ndi mbedza komanso kuti ubweya wonyowa ndi madzi amchere ungatupule khungu n'kuyambitsa zilonda. M'madera ambiri kutsogolo ndi kumbuyo kunkafanana ndendende, choncho msodzi wodzuka usiku ankangovala mumdima osafufuza, ndipo kusinthasinthako kunkathandiza kuti zigongono zisathere pamodzimodzi. Ku Scotland ambiri ankaika timabatani m'mbali mwa khosi.

Chida china chofunika chinali lamba. Ku Shetland ndi kumpoto kwa Scotland amayi ankamanga m'chiuno lamba wokhala ndi kapilo kachikopa kodzaza ndi ubweya wa kumchira wa hatchi, kobooledwa timabowo. Nsonga ya singano ya kudzanja lamanja ankaizika m'kabowo, singanoyo n'kuima yokha, zala n'kumangoponya ulusi. Kumpoto kwa England ankagwiritsa ntchito kamtengo kosemedwa kobooka kunsonga, kokoloweka palamba, ndipo anyamata ankasema timitengo totere kukapatsa atsikana amene akuwafunsira. Ndi zida zimenezi mayi ankatha kuluka ali chiimire, akuyenda, ngakhale atabereka dengu kumsana. Hazel Tindall wa ku Shetland, yemwe amalukabe ndi lamba wotere, anapambana mpikisano wa oluka mwachangu ku Minneapolis mu 2008 ataluka masitichi 262 m'mphindi 3.

Zokongoletsa ndi nkhani ya omira

Gansey inali ya mtundu umodzi, ndiye kukongola kwake kunkachokera pa kusinthanitsa masitichi awiri okha, knit ndi purl, kuphatikizapo kupingasitsa masitichi kuti aoneke ngati chingwe chopota. Pa zochepazi amayi anatulutsa maonekedwe ambirimbiri ndipo anawatcha mayina a zinthu zowazungulira: chingwe, maso a ukonde, makwerero, nangula, minga ya nsomba, mtengo. Mizere iwiri yokhotakhota yoyenda limodzi ena ankati ndi kukwera ndi kutsika kwa moyo wa m'banja. Kawirikawiri zokongoletsazi zinkaikidwa pachifuwa ndi kumtunda kwa mikono, pomwe zinkakhuthalitsanso juzi kuti ifunde bwino. Kumunsi kunkakhala kosalala, ndipo mbali yosavutayi ndi imene ana aakazi ankaphunzirirapo, amayi awo n'kudzalandira masingano pofika pachifuwa. Pamwamba pang'ono pa chiuno ena ankalukirapo zilembo zoyamba za dzina la mwini juzi.

Panalibe cholembedwa. Maluko onse ankasungidwa pamtima ndipo ankaphunziridwa ndi maso. Zimanenedwa kuti amayi ena ankawerenga masitichi pamsana pa bambo wokhala kutsogolo kwawo m'tchalitchi, n'kukayesa akafika kunyumba. Mmodzi mwa oyamba kulemba malukowa anali Gladys Thompson, amene anayendera madoko monga Filey, Flamborough, Whitby, Staithes ndi Seahouses, ndipo buku lake linatuluka mu 1955.

Pali nkhani yotchuka yoti mudzi uliwonse, ngakhale banja lililonse, linali ndi maluko akeake kuti msodzi akamira mtembo wake udziwike ndi juzi. Nkhaniyi imakhudza mtima, koma umboni wake ndi wochepa. Richard Rutt, yemwe anali bishopu wa mpingo wa Anglican ku Leicester amene analemba A History of Hand Knitting mu 1987, ndi mmodzi mwa amene anaikayikira. Zithunzi zakale zimaonetsa amuna a doko limodzi atavala maluko osiyanasiyana, komanso maluko ofanana m'madoko otalikirana. Ambiri amaganiza kuti nkhaniyi inakula chifukwa cha sewero la J. M. Synge la mu 1904, Riders to the Sea, momwe mtsikana wa ku zilumba za Aran amazindikira kuti womira ndi mlongo wake poona sokosi imene iye mwini analuka, chifukwa akukumbukira chiwerengero cha masitichi ndi pamene ena anamupulumuka. Choona chili pamenepo: woluka amadziwa ntchito ya manja ake, ndipo zimenezo sizifuna chizindikiro cha fuko. Ogulitsa majuzi oyera a Aran, omwe anayamba kulukidwa m'zaka zoyambirira za m'ma 1900 potengera gansey, ndiwo anaikometsera nkhaniyi pofuna malonda. Majuzi a Aran anatchuka kwambiri ku America mu 1961, pamene oimba a The Clancy Brothers ndi Tommy Makem anaonekera pa pulogalamu ya kanema ya Ed Sullivan atawavala. Amene anawatumizira majuzi oyamba anali mayi awo a anyamata a kwa Clancy, amene anada nkhawa atamva za kuzizira kwa ku New York.

Atsikana otumbula nsomba

Chimene chinasakaniza kwambiri maluko chinali nsomba ya herring. Chaka chilichonse mabwato ankaitsatira kuchokera ku Shetland kumayambiriro kwa nyengo yotentha mpaka ku Great Yarmouth ndi Lowestoft chakumapeto kwa chaka. Kumtunda, atsikana ndi amayi zikwizikwi, ambiri a ku Scotland, ankatsatira mabwatowo pa sitima. Ankagwira ntchito atatuatatu, awiri otumbula, mmodzi wolongedza nsomba m'migolo ndi mchere, zala atazikulunga tinsalu podziteteza ku mpeni ndi mcherewo. Mabwato akachedwa kukocheza, ankatulutsa masingano. Zithunzi za nthawiyo zimawaonetsa akuyenda padoko atakolana, aliyense akuluka, maso ali kwina. Ankalukira abambo awo, alongo awo ndi zibwenzi zawo, ndipo zimene aona pamsana pa msodzi wa ku Norfolk zinkakaonekera pa juzi ya ku Moray Firth nyengo yotsatira.

Si kuluka konse kumene kunali kwa pabanja. Ku Cornwall, m'midzi ngati Polperro, amayi ankalukira amalonda magansey pa malipiro ochepa. Ku Shetland zinthu zinali zowawa kwambiri: wamalonda ankalandira zoluka n'kulipira ndi katundu wa m'sitolo yake, monga tiyi ndi nsalu, m'malo mwa ndalama, ndipo mtengo ankautchula ndi iye yemwe. Mu 1872 boma linachita kafukufuku pa mchitidwewu ndipo amayi oluka anakapereka umboni. Choncho chimene lero ambiri amachita posangulutsa mtima chinali ntchito ya thukuta, ndipo juzi ya bambo wa pakhomo inkalukidwa m'mipata yotsala mayi akamaliza kukolowekera nyambo pa mbedza, kusoka ukonde ndi kuphika. Ngakhale zinali choncho, asodzi ambiri ankakhala ndi yogwirira ntchito ndi ina yokongola kwambiri ya Lamulungu, imene ankavalanso pa ukwati ndi pojambulitsa.

N'chifukwa cha zithunzi zimenezi kuti maluko ambiri sanatayike. Lewis Harding anajambula asodzi ambiri a ku Polperro, ndipo Frank Meadow Sutcliffe anajambula a ku Whitby. Chimodzi mwa zithunzi zodziwika za Sutcliffe ndi cha Henry Freeman, yekhayo amene anapulumuka pamene bwato lopulumutsira anthu la ku Whitby linagubuduzika mu February 1861. Oluka a masiku ano amakulitsa zithunzi zoterezi pakompyuta n'kumawerenga masitichi imodziimodzi.

Kuzilala ndi kudzukanso

Malonda a herring anafika pachimake nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatsala pang'ono kuyamba. Nkhondoyo inasokoneza misika yaikulu ya ku Germany ndi Russia, ndipo malondawo sanabwererenso mwakale. Nsombayo inapitirira kuchepa mpaka mu 1977 kuipha kunaletsedwa m'nyanja ya North Sea kwa zaka zingapo. Pofika nthawiyo majuzi a m'fakitale ndi zovala zosalowa madzi zinali zotchipa, ndipo ana a asodzi ambiri anali atapeza ntchito zina. Magansey ochuluka anavalidwa mpaka kutheratu kapena kumasulidwa, moti akale enieni otsala ndi ochepa.

Otsalawo akusungidwa m'malo monga Scottish Fisheries Museum ku Anstruther ndi Sheringham Museum ku Norfolk, komwe amayezedwa, kujambulidwa ndi kulembedwa maluko ake kuti aliyense wofuna athe kuwatsatira. Ulusi wa tizingwe tisanu ukupotedwabe ku Britain, tsopano m'mitundu yambiri, ndipo amayi ndi ana nawonso amavala gansey. Oluka ambiri a lero anasiya masingano asanu achitsulo n'kutenga singano imodzi yansonga ziwiri zolumikizidwa ndi kawaya, ndipo pakati pawo pali amuna. Woluka madzulo okha akaweruka kuntchito amatha miyezi ingapo pa gansey imodzi ya munthu wamkulu, n'chifukwa chake ndi ochepa amene amalukira malonda, ambiri amalukira mwamuna, mkazi, mwana kapena mdzukulu. Asanayambe amaluka kachidutswa koyesera, kukachapa, kuwerenga masitichi pa inchi, n'kuchulukitsa ndi kukula kwa chifuwa cha wolukiridwayo, ndipo amagula ulusi wopitirira kuti wina usungidwe podikira tsiku limene mikono idzafune kulukidwanso.