Bowa wa ku Lusaka

Bowa ndi ndiwo ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Malichi. Wambiri amene amagulitsidwa pamsika wa Soweto ndi ku Kabwata amachokera kunkhalango za miombo. Wodziwika ndi tente, amene Achewa amati ndelema, chitondo wofiira, ndi chikolowa. Chikolowa amamera pachulu, ndipo chipewa chake chimatha kutambalala pafupifupi mita imodzi. David Pegler ndi Graham Piearce ndiwo adamupatsa dzina la sayansi, Termitomyces titanicus, mu 1980.

Pophika, palani dothi kutsinde, tsukani, nyotsolani ndi manja, wiritsani ndi mchere mpaka madzi ataphwa, kenako thirani tomato ndi anyezi kapena mutendere nsinjiro. Wotsala amamufutsa n'kumuyanika padzuwa.

Bowa wa kuseri kwa nyumba ndi nkhani ina. Pa kapinga wothiriridwa ku Kabulonga, Woodlands kapena Chelstone pamamera bowa woyera wooneka ngati ambulera, Chlorophyllum molybdites, amene kunsi kwake kumabiriwira akakhwima. Ameneyu amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba koopsa, ngakhale ataphikidwa. Muyang'aneni, mumujambule, koma asalowe mumphika, ndipo ana asamutole.