Mmene Ndege Zinaphunzirira Kudikirana

Kwa zaka zambiri, lamulo la pabwalo la ndege linali ngati la kuchigayo: wafika msanga ndiye ayambe. Ndege zikachulukana, owongolera ndege ankazizunguliritsa m'mwamba, ina pamwamba pa inzake, mpaka mpata wotera utapezeka. Ku bwalo la Heathrow ku London mpaka lero kuli malo anayi odikirira otere: Bovingdon, Lambourne, Ockham ndi Biggin. Mafuta amangopsa ulendo utatha kale.

Zinthu zinatembenuka mu 1981, owongolera ndege a ku America atanyanyala ntchito ndipo Pulezidenti Ronald Reagan anachotsa oposa 11,000. Otsalawo anachepa, choncho bungwe loona za maulendo a ndege la FAA linazolowera kuimitsa ndege pansi, zisananyamuke, m'malo mozisunga m'mwamba.

Koma apa panabuka vuto lina, ndipo kwa ine ndi pamene pagona nkhani. Kampani ikaulula kuti ndege yake ichedwa kapena ulendo walephereka, inkataya malo ake pamzere. Ndani akanaulula? Makampani ankangoti zii, owongolera n'kumasungira malo ndege zomwe sizibwera, pomwe ena akuvutika kudikira. Kuyambira mu 1993 mbali ziwirizi zinayamba kuyesa kuuzana zoona, ndipo pofika 1998 njira yatsopano inakhazikika. Malo anayamba kugawidwa potengera ndandanda yolengezedwa kale. Kampani ikalepheretsa ulendo, malowo amakhalabe ake, n'kuikapo ndege yake ina. Chilungamo chitasiya kupweteketsa mwini wake, m'pamene makompyuta a owongolera analandira manambala odalirika.

Ku Ulaya anafutukula ganizo lochepetsa kudikirira m'mwamba kudutsa malire. Mu 2014, owongolera a ku Maastricht, Reims ndi Shannon anayamba kuuza ndege zopita ku Heathrow kuti zichepetseko liwiro zikadali kutali, London ikapanikizika. Chaka chotsatira, bungwe lowongolera ndege ku Britain la NATS linayamba kutalikitsa ndege zotera poyeza nthawi osati mtunda, kuti mphepo yamkuntho isamachedwetse mzere wonse.

Chitsanzo chondigwira mtima ndi cha ku Zurich, komwe ndege siziloledwa kutera 6 koloko m'mawa isanakwane. Kale ndege zochokera kutali zinkathamangitsana usiku wonse kuti zikhale patsogolo, kenaka n'kumazungulira kudikira bwalo litsegulidwe. Kampani ya SWISS ndi owongolera a skyguide atagwirizana, woyendetsa aliyense anayamba kupatsidwa nthawi yakeyake yofikira akadali pakati pa ulendo, ndipo amasintha liwiro kuti aikwaniritse.