Zofunika kuona pogulira kompyuta wophunzira kujambula zithunzi

Wophunzira kujambula zithunzi afunika kompyuta monga mmene ojambula akale anali kufunira cipinda ca mdima cotsukiramo mafilimu. Kamera ya masiku ano imasunga cithunzi pa kakhadi, ndipo nchito yotsala, ya kusankha, kukonza kuwala ndi mitundu, ndi kutumiza kwa aphunzitsi, imacitikira pa kompyuta. Kaamba ka ici, makolo amene ana awo ayamba maphunziro a utolankhani kapena a zaluso pa Evelyn Hone College, pa ZAMCOM kapena pa University of Zambia mu Lusaka amadzapeza kuti ndalama za kamera sizinali zothera.

Ambiri akalowa mu sitolo amafunsa dzina la kampani ndi liwiro la makina. Wogulitsa naye amaloza kacizindikiro ka Core i7 komatidwa pafupi ndi mabatani. Koma pa nchito ya zithunzi, ndalama ziyenera kupita coyamba ku sikirini, kenaka ku RAM ndi ku malo osungiramo zithunzi. Liwiro la processor libwera pambuyo pa zonsezi.

Malaputopu ambiri ochipa ali ndi sikirini ya mtundu wa TN. Sikirini yotere imasintha maonekedwe a cithunzi munthu akangoweramitsa mutu kapena kupendeketsa cibvundikiro pang'ono: mbali ina imada, ina imatuwa. Ya mtundu wa IPS sitero, mitundu yake imakhala imodzimodzi ngakhale munthu ayang'anire cam'mbali.

Kusiyana kumeneku kumaonekera kwambiri pa zithunzi zimene wophunzira wa m'dziko lino amayamba nazo, za ukwati, za matebeto ndi za tsiku lotsiriza maphunziro. Mkwatibwi wabvala zoyera, mkwati wabvala suti yakuda, onse awiri ndi a khungu lakuda, ndipo aimirira pa dzuwa la Okutobala. Maonekedwe a nkhope yakuda ali m'mbali zodera za cithunzi, ndipo mbali zimenezi ndizo zimene sikirini yoipa imameza. Wophunzira poona mdima amaonjezera kuwala kufikira nkhope itaoneka bwino kwa iye, osadziwa kuti waituwitsa ngati phulusa ndipo diresi yoyera yataya mizere yake yonse. Amadzazindikira ali ku sitolo yotsukira zithunzi, ndalama atalipira kale.

Pali muyezo wa mitundu wochedwa sRGB, umene makampani a HP ndi Microsoft anakhazikitsa mu 1996, ndipo ndiwo umene zithunzi zambiri za pa intaneti ndi za m'masitolo otsukira zimatsatira. Sikirini yoyenera ndi imene papepala lake palembedwa kuti 100% sRGB kapena 72% NTSC, pakuti ziwirizi zili pafupi kulingana. Imene yalembedwa 45% NTSC imaonetsa pafupifupi magawo awiri cabe mwa magawo atatu a mitundu ya sRGB. Pa sikirini yotere citenge cofiira kwambiri cimaoneka ngati njerwa, ndipo wokonza amayamba kuthira mtundu umene unalimo kale.

Manambala a madontho a sikirini afunikanso kuwaona. Ya 1920 x 1080 ndi yokwana. Ya 1366 x 768 ndi yopanikiza, zida za pulogalamu zimadya malo ndipo cithunzi cimatsala kacing'ono pakati. Ya 4K ndi yokongola, koma imatha batire msanga ndipo woyamba kumene saifunikira. Njira yapafupi yoyesera ndi kupita ku sitolo ndi cithunzi cimene wogula acidziwa bwino, monga ca wacibale wobvala cakuda, kucitsegula, ndi kupendeketsa sikirini uku ndi uku. Ndiponso sikirini yabwino imanamiza ngati kuwala kwake kwakwezedwa mpaka pothera, cifukwa cithunzi cokonzedwa pa kuwala kotere cimatuluka cakuda pa pepala. M'nyumba ndi bwino kutsitsa kuwala kufika capakati.

RAM ndi malo amene kompyuta imayalapo nchito imene ikucita pa nthawiyo, monga thebulo la telala. Likacepa, nsalu imalendewera pansi ndipo nchito imacedwa. Kampani ya Adobe imanena kuti pulogalamu yake ya Lightroom Classic ifuna RAM yosacepera 8 GB, koma imalangiza 16 GB. Kompyuta ya 4 GB siyenera kugulidwa pa nchito iyi, ngakhale mtengo ukome motani. Amene ndalama zake zafika pa 8 GB afunse ngati RAM ingaonjezedwe mtsogolo, pakuti m'malaputopu ambiri opyapyala ndi yowochereredwa ndipo siicotseka. Kuonjezerako nakonso kunadula, cifukwa cakumapeto kwa 2025 mitengo ya RAM inakwera kwambiri pa dziko lonse pamene makampani a AI anayamba kuigula mwaunyinji.

Za malo osungira zimamveka bwino ndi masamu. Aphunzitsi ambiri amafuna kuti wophunzira azijambula mu RAW, mtundu wa faelo umene umasunga zonse zimene kamera inaona ndipo umalola kukonza kwambiri kuposa JPEG. Cithunzi cimodzi ca RAW cocokera mu kamera ya ma megapixel 24 cimatenga pafupifupi 25 MB kufika 30 MB. Ukwati umodzi wa zithunzi 1,000 ndi 25 GB kufika 30 GB. Kompyuta ya 256 GB, imene mbali yake yatengedwa kale ndi Windows ndi mapulogalamu, imadzala maukwati asanafike khumi. Motero 512 GB ndiyo poyambira pabwino, ndipo ikhale ya mtundu wa SSD. Hard disk yakale ili ndi mbale yozungulira mkati, imacedwa, ndipo imaonongeka msanga ndi kugwedezeka kwa mu minibasi.

Ophunzira ambiri amagula makina ogwirapo kale nchito ocokera kunja, makamaka Lenovo ThinkPad, Dell Latitude ndi HP EliteBook. Awa ndi makina olimba amene anapangidwira maofesi, ndipo zipangizo zake zimapezeka. Palibe colakwa kugula otere, koma apa mpamene kacizindikiro ka Core i7 kamasoceretsa anthu. Cofunika ndi manambala otsatira. Core i7-6600U ndi ya m'badwo wa 6, ya mu 2015, ndipo ili ndi zigawo ziwiri zogwira nchito zochedwa ma core. Core i5-8250U ndi ya m'badwo wa 8, ya mu 2017, ndipo ili ndi ma core anai. Pa kukonza zithunzi i5 imeneyi iposa i7 ija, ngakhale kuti dzina lake limamveka laling'ono.

M'badwo wa 8 uli ndi tanthauzo linanso. Microsoft inaleka kupereka thandizo la nthawi zonse ku Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 ifuna processor ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita mtsogolo, kapena ya AMD Ryzen 2000 kupita mtsogolo, pamodzi ndi kacipangizo ka citetezo kochedwa TPM 2.0. Ogulitsa ena amalowetsa Windows 11 mokakamiza m'makina akale, koma Microsoft silonjeza kuti makina otere adzapitiriza kulandira zokonza za citetezo. Tsono kuona Windows 11 pa sikirini si umboni wokwana, nambala ya processor ndiyo iyenera kuwerengedwa. Makina a maofesi amenewa analinso kugulitsidwa ndi masikirini osiyanasiyana, kotero kuti ma ThinkPad awiri a dzina limodzi angakhale ina ya IPS, ina ya TN.

Malaputopu a masewera amakopa acinyamata kaamba ka mphamvu zake. Khadi yake ya zithunzi imathandizadi pa zida zina zatsopano, monga Denoise imene Adobe inaika mu Lightroom mu 2023, koma ndi olemera, batire yake sikhalitsa, ndipo ambiri ochipirapo ali ndi sikirini ija ya 45% NTSC.

Kompyuta ya pa thebulo imapereka sikirini yaikulu ndi mphamvu zambiri pa ndalama zofanana, ndipo sibvuta kuonjezera zipangizo. Bvuto lake ndi malaiti. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi mu damu la Kariba, ZESCO inali kuzimitsa malaiti m'madera ambiri kwa maola 17 kapena kuposerapo pa tsiku, ndipo m'nyengo yotere kompyuta ya pa thebulo imangokhala cokongoletsa nyumba. Wophunzira wokhala m'nyumba yogona ana a sukulu acita bwino ndi laputopu, ndipo angadzagule sikirini yapadera ya IPS ya mainchesi 24 ndalama zikadzapezeka. Pogula yogwirapo kale nchito, batire iyesedwe asanalipire. Pa Windows, kulemba mau akuti powercfg /batteryreport mu Command Prompt kumatulutsa lipoti loonetsa mphamvu imene batire inali nayo ili yatsopano ndi imene yatsala. Kacipangizo koteteza makina ku mphamvu yobwera mwadzidzidzi malaiti akabwerera nkochipa kuposa charger yatsopano.

MacBook Air ya processor ya M1, imene Apple inatulutsa mu 2020, ndi zotsatira zake zili ndi sikirini yabwino ndi batire yokhalitsa. Koma RAM ndi SSD yake sizionjezeka, ndipo kukonzetsa nkodula. Chromebook ndi yochipa, koma siilandira Lightroom Classic kapena Photoshop yathunthu.

Ndi nzeru kufunsa aphunzitsi za pulogalamu imene kalasi imasewenzetsa kompyuta isanagulidwe. Kucokera mu 2013 Adobe inatembenukira ku malipiro a pamwezi kapena a pacaka, ndipo awa afuna khadi ya ku banki yolipirira pa intaneti. Amene sangakwanitse ali ndi darktable, RawTherapee ndi GIMP, zimene ndi zaulere ndiponso zololedwa. Eni makamera a Canon ali ndi Digital Photo Professional, a Nikon ali ndi NX Studio, zonse zosalipira. Mapulogalamu akuba amene ena amaikiratu m'makina monga mbasela nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi, ndipo ena mwa mavairasi amenewa amatseka mafaelo onse ndi kufuna dipo.

Pa ndalama zonse zimene banja lakonza, gawo lina lipatulidwe la hard disk yapadera ya 1 TB kapena 2 TB. Laputopu imabedwa, imagwa, imathiridwa tiyi, ndipo ukwati sucitikanso kaciwiri kuti wojambula abwereze. Wojambula wa ku America, a Peter Krogh, anafalitsa lamulo lochedwa 3-2-1: makope atatu a cithunzi ciriconse, pa zosungira za mitundu iwiri, kope limodzi likhale kumalo ena. Kwa wophunzira izi zingatanthauze kope la mu laputopu, la pa hard disk yapadera yosungidwa kunja kwa cikwama ca laputopu, ndi zithunzi zosankhidwa zoikidwa pa Google Drive, imene imapereka 15 GB kwaulere. Kakhadi ka mu kamera kafafanizidwe pokhapo zithunzi zitakopedwa pa malo awiri ndi kutsegulidwa kuti zionedwe ngati zafika bwino.